Mwana wanga akufuna kupita ku Fright Nights: kodi ndimulole?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Reading, kuno ku England, ndipo ndinawapempha kuti ndiwayankhe poyera chifukwa funso lawo ndimalimva kwa makolo ambiri mwezi wa Okutobala ukamayandikira. Mwachidule, mayiwo akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 14 wakhala akuwachonderera kuti apite ndi anzake a kusukulu ku paki ya zisangalalo yotchedwa Thorpe Park pa nyengo ya Fright Nights, pamene malowo amakonza nyumba zoopsezera anthu chifukwa cha Halloween. Iwo mtima sukukhala m'malo. Ndi munthu wopemphera, anakulira m'banja limene nkhani za mizukwa ndi ufiti sizinali zoseweretsa, ndipo akufuna kudziwa ngati kumulola mwanayo sikungakhale kumupereka kwa ziwanda ndi manja awo omwe. Anafunsanso ngati mng'ono wake wa zaka 8 angapite nawo.

Mayi, zikomo kwambiri pondikhulupirira ndi nkhani imene ikukhudza mwana wanu. Ndikuyankhani ngati munthu amene anafikako ndi kuona ndi maso ake, chifukwa zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza mwana wa achemwali anga ndi anzake awiri, ndipo nanenso ndinanyamuka pakhomo ndili ndi nkhawa zofanana ndi zanuzo.

Thorpe Park ili m'chigawo cha Surrey, pakati pa Chertsey ndi Staines. Inatsegulidwa mu 1979 pamalo pamene kale ankakumbapo miyala ndi mchenga, n'chifukwa chake yazunguliridwa ndi madzi ndipo munthu amachita kuwoloka mlatho kuti alowe. Eni ake ndi kampani ya Merlin Entertainments, yomwenso imayendetsa Alton Towers, Chessington ndi Legoland Windsor. Masiku wamba anthu amapitako kukakwera ma roller coaster, timasitima tothamanga kwambiri panjanji zokwera ndi kutsika, monga Stealth, Colossus, The Swarm ndi Hyperia, imene inatsegulidwa mu 2024 ndipo ndi yotalika mamita 72 kupita m'mwamba. Fright Nights inayamba mu 2002, koma nzeru yake inachokera ku America, kumene Knott's Berry Farm ya ku California inayamba zoterezi mu 1973 ndipo Universal ya ku Orlando inatsatira mu 1991. Ndatchula zimenezi kuti muone gwero la nkhaniyi, lomwe ndi malonda. Okutobala akafika, kunja kumazizira, dzuwa limalowa msanga ndipo anthu amachepa m'malo a zisangalalo, choncho eni malowo anapeza njira yosandutsa mdimawo kukhala chinthu chogulitsa matikiti malowo asanatsekedwe m'nyengo yozizira.

Halloween yeniyeniyo ili ndi mbiri yaitali kuposa makampaniwa, ndipo sindikufuna kukubisirani. Dzinali limatanthauza usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, lomwe mipingo ina imakumbukira pa 1 Novembala, n'chifukwa chake limagwa pa 31 Okutobala. Pa nyengo yomweyo anthu akale a ku Ireland ndi Scotland ankachita mwambo wotchedwa Samhain, wotsazikana ndi nthawi yokolola, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu ya akufa imayandikira amoyo. Anthu a m'mayiko amenewa atasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anapita ndi miyambo yawo, ndipo kumeneko ndi kumene maungu osemedwa nkhope anatchuka. Choncho amene amanena kuti tsikuli lili ndi mizu m'zikhulupiriro za mizimu sakunama. Komabe funso lanu likukhudza zimene mwana wanu akakumane nazo akakadutsa pachipata, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Nyumba zoopsezerazo kuno amazitchula kuti scare maze. Anthu amaima pamzere, ndipo nthawi yawo ikakwana amalowetsedwa m'magulu ang'onoang'ono. Musanalowe, wantchito amakuwerengerani malamulo: musathamange, musajambule, musayatse tochi ya foni, ndipo koposa zonse musakhudze kapena kumenya ochita seweroli, ngakhale kuti iwo akhoza kukukhudzani. M'nyumba imene tinayamba kulowa ife anatiuza kuti aliyense agwire mapewa a mnzake wa kutsogolo, ndipo tinayenda motero ngati ana osewera sitima pabwalo. Mkati munali mdima wa ndiweyani, utsi wochita kupanga, phokoso logonthetsa m'khutu ndi magetsi ophethiraphethira amene amachititsa munthu kulephera kudziwa ngati chinthu chili patali kapena pafupi. Njira zake ndi zopapatiza, zina zofuna kuwerama. Ukamayang'ana chidole chimene chakhala pampando kutsogolo kwako, munthu weniweni amatulukira pakhoma la kumbali kwako n'kukuwa pafupi ndi khutu lako. Luso lawo lonse lagona pamenepo: amakopa maso ako kuti ayang'ane uku, iwo n'kudzera uko. Kumapeto kunatulukira mwamuna wonyamula makina ochekera mitengo akulira, fungo la petulo lili guu, ndipo gulu lonse linabalalika kuthamangira kunja. Makina oterowo amawachotsa tcheni chodulira, chotsala ndi phokoso ndi fungo basi. Zonsezi zinatha m'mphindi zochepa, pamene pamzere tinaimapo pafupifupi ola lathunthu.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndinachiona titatuluka. Chapafupi ndi khomo la antchito panaima mtsikana wina wovala diresi long'ambika, nkhope yake yopakidwa utoto wooneka ngati mabala ndi magazi, koma pamwamba atafunda jekete chifukwa cha kuzizira, akumwa madzi a m'botolo kudzera m'kapaipi kuti utoto wa pamilomo usafufutike. Mnzake wa wailesi ya m'manja anamuuza kuti nthawi yopuma yatha, iye anavula jekete lija n'kubwerera mkati. Ameneyo ndiye mzukwa wa ku Fright Nights. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata okonda zisudzo amene amalembedwa ganyu ya milungu yochepa, amayesedwa asanatengedwe, amaphunzitsidwa poima ndi nthawi yotulukira, ndipo mwezi ukatha amalandira malipiro. Mulibe guwa, mulibe nsembe, palibe amene amaitana mzimu kapena kuuza mwana kuti anene mawu aliwonse olumbira. Anthu ena a kwathu ndawamva akuyerekezera zimenezi ndi gule wamkulu chifukwa cha zigoba za kumaso, koma ine sindigwirizana nawo, pakuti gule ndi mwambo wokhala ndi eni ake, malamulo ake ndi tanthauzo lake pa maliro ndi pa chinamwali, pamene izi ndi sewero lolipiritsa pakhomo. Ngati pali chofanana nacho kwathu, ndi nthano zija za zilombo zodya anthu zimene agogo ankatisimbira madzulo, ife n'kumafinyikira pafupi ndi moto koma osafuna kuti asiye.

Maganizo anga ndi akuti mwana wanu sakakumana ndi ufiti kumeneko. Koma sindikunena kuti nkhawa yanu ilibe maziko. Alipo Akhristu ndi Asilamu ambiri amene amadziwa bwino lomwe kuti ndi sewero, komabe safuna kusangalala ndi zithunzithunzi za imfa, magazi ndi ziwanda, ndipo chimenecho ndi chifukwa chokwanira chokanira. Ngati chikumbumtima chanu chili pamenepo, muuzeni mwanayo zoona zake, kuti m'banja mwanu simusangalala ndi zinthu zotere. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musamuuze kuti m'nyumbamo muli mizimu yeniyeni, chifukwa Lolemba anzake akamuonetsa zithunzi akuseka ndi ochita sewero aja, ndipo iye adzayamba kukayikira mawu anu ngakhale pa nkhani zina zikuluzikulu zimene mudzafune kuti akumvereni.

Ngati simukuona vuto pa chikhulupiriro, ndiye kuti funso latsala ndi la mwanayo mwini wake, ndipo kwa ine limeneli ndiye lalikulu. Kodi akufunadi kukaopsezedwa, kapena akungoopa kutsala anzake akamapita? Mwa anyamata atatu amene ndinawaperekeza, awiri ankatuluka m'nyumba iliyonse akuseka mpaka kugwira m'mimba, chifukwa thupi likadzidzimuka mtima umathamanga, ndipo ubongo ukazindikira kuti panalibe choopsa chenicheni, mantha aja amasanduka chisangalalo. Wachitatu uja, amene m'galimoto ankalankhula kwambiri kuposa onse, anatuluka m'nyumba yoyamba ali chete, manja akunjenjemera, ndipo nditamufunsa anangoti akumva kuzizira. Pa nyumba yachiwiri ndinanena kuti ndikufuna wondiperekeza kukagula tiyi, ndipo iye anadzipereka msangamsanga. Tinakhala pabenchi tikuonerera Stealth ikukwera mumdima, ndipo m'pamene anandiuza kuti sakonda malo opanikiza. Palibe amene anamufunsapo zimenezi ulendo usanayambe, ndipo iye sakanatha kuzinena pamaso pa anzake.

Choncho khalani naye pansi mwana wanu awiriwiri, mumufunse mmene amamvera akaonera filimu yoopsa, ngati amagona bwino pambuyo pake, ndiponso ngati angathe kuuza anzake kuti iye salowa ayi. Mumudziwitse kuti munthu akhoza kuchoka pamzere nthawi ina iliyonse, ndipo ngakhale ali mkati akhoza kuuza wantchito kuti akufuna kutuluka. Eni malowo amalangiza kuti zoopsezazi ndi za anthu a zaka 13 kupita m'tsogolo, choncho pa msinkhu iye wakwana, koma msinkhu wa pa pepala sudziwa mtima wa mwana wanu monga mmene inu mukuudziwira. Ngati ali ndi khunyu, mphumu, vuto la mtima kapena amakomoka akapanikizika, nkhani ya nyumbazi ithere pomwepo, chifukwa magetsi ophethira ndi utsi uja si zabwino kwa anthu otere, ndipo machenjezo amenewa amalembedwa pakhomo la nyumba iliyonse.

Za mng'ono wakeyo yankho langa ndi lakuti asapite. Kukada, ochita sewero ena amayendayenda panja m'madera ena a pakiyo, motero mwana akhoza kuopsezedwa ngakhale sanalowe m'nyumba iliyonse, komanso ma roller coaster akuluakulu ambiri amafuna munthu wotalika mita 1.4. Ngati mukufuna kuti nayenso asaone ngati wasalidwa, Legoland Windsor ili pafupi ndi kwanuko ndipo pa nyengo yomweyi imakonza Brick or Treat, yomwe ndi ya ana aang'ono.

Mukamulola wamkuluyo, pali zinthu zingapo zoti mukonzeretu. Gulani matikiti pa intaneti nthawi ikadalipo, chifukwa masiku a tchuthi cha half term kumapeto kwa Okutobala amadzaza msanga, ndipo muwerenge bwino ngati tikiti yolowera ikuphatikizapo nyumba zoopsezerazo, popeza zaka zaposachedwapa zakhala zikulipiridwa padera. Si bwino kuti mwana akadziwire zimenezi pachipata, anzake ali ndi matikiti onse iye alibe. Kuchokera ku Reading pali sitima yopita ku London Waterloo imene imaima pa Staines, ndipo pa siteshoniyo pamanyamuka basi nambala 950 yopita ku pakiyo. Kupita kulibe vuto, koma pobwerera ndi pamene ndikufuna muganizirepo kwambiri, chifukwa malowo amatseka usiku, anthu onse amatuluka nthawi imodzi ndipo mzere wa basi umatalika. Kumbukiraninso kuti mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5 koloko madzulo. Kwa ana a zaka 14, ine ndingakonde kuti pakhale munthu wamkulu mmodzi wopita nawo, kapena woti akawatenge pa galimoto pamalo oimika magalimoto pa nthawi imene mwagwirizana. Musadalire zimene ana akuuzana okha. Imbirani foni kholo la mnzakeyo mumve nokha kuti ndani akuwaperekeza.

Avale zofunda bwino, chifukwa mphepo yochokera pamadzi aja imalowa m'mafupa munthu akaima pamzere nthawi yaitali, ndipo avale nsapato zotseka zoyenera kuyenda nazo mumdima. Foni ikhale yodzaza moto, makamaka atenge ndi batire lapadera, popeza kuzizira ndi kujambula kumamaliza moto msanga, ndipo nambala yanu ailembe papepala n'kuika m'thumba la jekete. Akangofika asankhe malo amodzi odziwika bwino oti akumanepo ngati atasochererana, monga pakhomo la nyumba yaikulu yozungulira imene aliyense amadutsamo akangowoloka mlatho.

Ndipo ngati ntchito ikulolani, ganizirani zopita nawo inu mwini. Simukakamizidwa kulowa m'nyumba ina iliyonse. Mukhoza kukhala pamalo odyera ndi kapu ya tiyi, iwo n'kumabwera kudzakuonani pakapita ola lililonse, ndipo mwana wanu akafuna chifukwa chochokera pamzere popanda kuchita manyazi, adzangonena kuti amayi akumufuna.