Ife ku Edinburgh Fringe anatithimitsira kiyibodi pakati pa nyimbo

Asisi, mwati mukufuna kutengera kasewero kanu koyimba ku Fringe, chikondwerero cha masewero chochitika ku Edinburgh mu Ogasiti, ine mtima wabwerera pomwe paja. Tinapitako anthu 5 kuchokera ku Glasgow, ine pa ng'oma. Sewero la ola limodzi, nyimbo zopeka tokha, nkhani ya mayi wosamalira okalamba kuno amene bambo ake amwalira kumudzi iye osatha kupita kumaliro.

Malo tinalipira mu Epulo, mwini wake anatilonjeza mipando 50 ndi piyano. Tikufika mu Ogasiti ndi kachipinda kapansi pa bala, mipando 30, piyano kulibe ati inasunthidwa. Tinapirira, tinabwereka kiyibodi. Tsiku ndi tsiku pa msewu wa Royal Mile kugawa timapepala mvula ili pamsana, tsiku lina oonera anabwera 4 okha koma tinasewerabe mpaka pamapeto. Ndiye Loweruka lachiwiri chipinda chinadzaza, panalinso munthu wolemba za masewero amene tinamuchonderera masabata awiri. Gulu la patsogolo pathu linachedwa kutuluka ndi mphindi 10, mlandu sunali wathu. Tafika pa nyimbo yomaliza, mayi uja akuonera maliro a bambo ake pa foni, gogo wina wa ku Scotland pampando wakutsogolo akupukuta misozi ndi mpango, bambo eni malo aja anangolowa n'kuyatsa magetsi onse n'kuzula kiyibodi pa soketi ati nthawi yatha. Pakati pa mawu asisi! Manja anga ankanjenjemera. Mnzathu woyimba uja anaima pang'ono, kenako anapitiriza ndi mawu okha, ine ndikugunda ng'oma ndi zala basi, ndipo palibe anadzuka, chipinda chonse zii mpaka umamva kupuma kwake. Zimenezo muholo yayikulu simungazipeze, kuja woyimba amakhala patali ngati nyerere.

Bambo aja sanapepese olo kamodzi, anatidulanso ndalama ati tinapitirira nthawi. Munthu wopanda chisoni, amaona ana a eni ngati mita ya magetsi. Wolemba uja sanalembe kalikonse.

Ndiye chilichonse chilembedwe, mipando ingati, piyano ilipo, ena akachedwa chimachitika n'chiyani. Chipindacho mukachione ndi maso anu musanalipire. Malo ogona mu Ogasiti ndi odula koopsa, ife tinkabwerera ku Glasgow pa sitima usiku uliwonse, ulendo wake sukwana ola. Funsaninso za Free Fringe, kuja anthu amalowa ulere n'kuponya ndalama mu ndowa potuluka. Dziwani kuti ku Fringe palibe amasankha magulu odzasewera, chiyambireni 1947 pomwe magulu 8 anangobwera osaitanidwa, ndiye masewero amapitirira 3,000 ndipo palibe adzakufuneni mukangokhala.

Tizipinda tapansi pa bala mupewe ndithu. Komabe musathamangire holo yayikulu, mudzalira ndi mipando yopanda anthu, anthu 20 mu kachipinda kothina amawomba m'manja ngati 200. Sewero loyimba lotchuka lija la Six linayambira pa Fringe pomwepa mu 2017 ndi ana asukulu a pa yunivesite ya Cambridge. Mukapeza mpata mukalowenso tamasewero ta anzanu ta masana tija, nyimbo zake mumakhala oyamba kuzimva, ndipo mukatuluka wopekayo ali pakhomo pomwepo mumacheza naye. Kiyibodi mutenge yanu, yoyendera mabatire.