FUNSANI MAKANIKO: Magetsi akumbuyo sakuzima, giya yakakamira pa P

FUNSO: A makaniko ndithandizeniko chonde. Ndili ndi galimoto yaikulu ija ya SUV ya 2001, otomatiki, inalowera pa Songwe kalekale. Mwezi wathawu m'mawa uliwonse imakana kulira, batire lafa, ndinagula latsopano koma nalonso likungotha chimodzimodzi. Alonda ndi amene anandiuza kuti magetsi ofiira akumbuyo akumayaka usiku onse olo kiyi nditachotsa. Mwana wanga anazula fyuzi ina kuti azime, anazimadi, koma pano giya ikukana kuchoka pa P, poimikira galimoto paja. Wina akuti ndi kompyuta ya galimoto ndipo mtengo omwe watchula ndiye eee. Nditani? Mayi wodandaula, Mchengautuwa.

YANKHO: Amama pepani ndi zimenezi, koma kompyuta musagule kaye. Mmene mwafotokozeramu ine ndikuloza pansi pa chiwongolero, pamwamba pa pedulo ya buleki pomwe pamakhala ka swichi ka magetsi a mabuleki.

Kagwiridwe kake kali ngati ka getsi la mu firiji. Chitseko chikatsekedwa chimadina kabatani getsi nkuzima, mukatsegula kabatani kamatuluka getsi nkuyaka. Pedulo nayo ikakhala m'mwamba imadina kabatani ka swichi, mukaponda buleki kamamasuka magetsi akumbuyo nkuyaka. Ndipo pa magalimoto ambiri magetsi amenewa sadikira kiyi, amatenga moto ku batire nthawi zonse, nchifukwa chake akumayaka usiku onse. Babu limodzi la buleki limakhala la 21W, awiri aja kuphatikiza la pamwamba pa galasi mpaka kucha, batire lingapirire bwanji.

Tsopano chomwe chimavuta kwambiri pa magalimoto akale a ku Japan, ma Toyota, Honda, Nissan, si swichi yeniyeniyo ayi, ndi karabala kapena kapulasitiki kakang'ono kozungulira komwe kamakhala pa chitsulo cha pedulo, pomwe kabatani kaja kamagunda. Zaka zikachuluka kamauma nkuphwanyika, pamatsala bowo, ndiye kabatani kamangolowa m'bowomo osadinidwa ndipo galimoto imakhala ngati munthu waponda buleki tsiku lonse. Tengani tochi muyang'ane pa kapeti pansi pa mapedulo, mukapeza tizidutswa ta pulasitiki toswekasweka dziwani kuti wolakwa mwamupeza. Kenako gwadani musuzumire m'mwamba, dinani kabataniko ndi chala wina ali kumbuyo akuyang'ana. Magetsi akazima ndiye kuti swichi ili bwinobwino, chofunika ndi karabala basi, kanthu kotchipa kwambiri komwe mungakafunse m'mashopu a masipeya mtauni kapena kwa ophwasula magalimoto. Poyembekezera, ena amatseka bowolo ndi kabawuti kakafupi ndi nati, ena amamata ndalama yachitsulo ndi tepi. Ya tepiyo ine sindimaikhulupirira, ikhoza kugwa muli pa msewu, ingokufikitsani ku galaja.

Nkhani ya giya nde yabwera ndi fyuzi. Galimoto ya otomatiki ili ndi loko yomwe imakana kuti giya ichoke pa P mpaka italandira uthenga oti mwaponda buleki, ndipo uthengawo umadutsa mu waya yemweyo wa magetsi a mabuleki. Mwana wanu anazula fyuzi yomwe nthawi zambiri imalembedwa STOP, choncho uthenga sukufika. Ibwezereni pamalo pake, ndipo ngati inasowa gulani ya nambala yomweyo yomwe yalembedwa pa chivindikiro cha bokosi la mafyuzi, kaya 10A kaya 15A. Zoika yaikulupo kapena kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi ayi ndithu, mawaya amapsa nazo zimenezo. Pafupi ndi giya pamakhalanso kabatani kapena kabowo kolembedwa shift lock komasulira giya pa ngozi, koma chonde musakagwiritse ntchito kuti muziyenda opanda fyuzi, chifukwa mudzakhala mukuyenda opanda magetsi a mabuleki. Ndi chifunga chathu cha ku Mzuzu kuno, kapena mu Chikangawa m'mamawa, wakumbuyo amadalira magetsi amenewo kuti adziwe kuti mwaima, lole sidzakuonani. A trafiki nawonso sangakusiyeni.

Nanga mukadina kabatani koma magetsi osazima? Zulani pulagi ya pa swichi. Akazima, swichi yafa mkati, igulidwe ina. Akapitirirabe kuyaka pulagi itazulidwa ndiye kuti penapake mawaya akhudzana, makamaka ngati galimotoyo inalumikizidwapo mawaya okokera ngolo kapena madzi a mvula amalowa m'magetsi akumbuyo, apo mpofunika auto electrician, makaniko wa zamagetsi a galimoto, okhala ndi multimeter yoyezera magetsi osati ongoyerekeza. Pokagula swichi nyamulani yakaleyo, zina zili ndi mapini 2 zina 4, ndipo ya mapini 4 imathandizanso zinthu ngati cruise control, yosunga liwiro la galimoto yokha ija, nde yolakwika ikhoza kukuyatsirani magetsi ena pa dashibodi.

Pomanga mpamene ndikufuna mukhalepo muziona. Swichi zambiri zakale zimalowa mopota nkumangidwa ndi nati. Ikakhala patali magetsi sazima, koma ikalowetsedwa kwambiri imakankha pedulo pang'ono osabwerera mpaka m'mwamba, mabuleki nkumagwira pang'onopang'ono inu osadziwa, amatentha, ndipo pa mtsetse wa Chiweta kapena potsikira ku Nkhata Bay mabuleki otentha amatha mphamvu. Akamaliza dinani pedulo ndi dzanja, izikhala ndi kampata kochepa isanayambe kulimba, magetsi aziyaka mukangoiponda pang'ono nkuzima mukangoisiya. Yendani kamtunda kochepa muone ngati galimoto sikulemera kapena kununkha zopserera ku matayala.

Pomwe simunakonze, usiku muzimasula waya wa negative, wa mbali ya chizindikiro cha (-), pa batire, nthawi zambiri sipanala ya 10 imakwana. Batire latsopanolo litengereni kokatchajitsa lidzadze bwino chifukwa kutha mobwerezabwereza kumalifupikitsa moyo, ndipo lakale lija ngati mukadali nalo kaliyezetseni, mwina linalibe vuto.