Mwana akufuna ntchito ya AI m'chitetezo: ayambire pati?

Mayi wina wa ku Santhe walemba kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 akufuna kudzagwira ntchito ya AI (luso lopangitsa makompyuta kuphunzira ndi kuganiza ngati munthu) pa chitetezo cha dziko. Iwo akuopa kuti mwanayo adzathera kunkhondo.

Mayi, mtima ukhale pansi. Wasayansi wogwira ntchito yotere chida chake ndi masamu ndi kompyuta. Amayerekeza pakompyuta zinthu zambirimbiri zokokerana: magalimoto onyamula ufa ndi mafuta a asilikali, misewu, mvula, anthu othawa madzi. Kenako amafunsa kuti, mlatho wa pa Bua utakokoloka lero, thandizo lidzera kuti, ndipo lichedwa maola angati? AI imathandiza kuwerenga zithunzi za madroni ndi masetilaiti msanga kuposa maso a munthu. Amene anaona asilikali a MDF akupulumutsa anthu pa namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kufunika kwa mayankho otere.

Poyambira ndi pa MSCE. Masamu ndi Physics akhoze bwino ndithu, ndipo ngati pasukulu pake pali Additional Mathematics, asaizembe. Akakhoza, asankhe masamu kapena kompyuta ku UNIMA, ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo. Ine ndimakonda kuti digiri yoyamba ikhale ya masamu, chifukwa mapulogalamu a kompyuta amasintha chaka ndi chaka koma calculus ndi statistics sizikalamba. Pambuyo pake ayesere AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya ukachenjede ya masamu yomwe inayamba ku South Africa mu 2003 ndipo imalipirira ophunzira a mu Africa digiri yachiwiri.

Chimodzi ndinene poyera. Ngati akulota zokagwira ntchito ku America, adziwe kuti ntchito zachinsinsi zachitetezo zimafuna nzika za komweko, choncho asaike mtima wonse kumeneko. Luso lomweli likufunika kuno: ku MDF, kolosera zanyengo, kumabanki, kuzaumoyo.

Komanso muli ndi mwayi pakhomo. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni pabwalo la ndege la Kasungu, ndipo mu 2020 kunabadwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kuulutsa madroni ndi kusanthula zithunzi zake. Aziyang'anira zolengeza zawo.

Tchuthi chikubwerachi, akapeza kompyuta ngakhale yobwereka, aikemo NetLogo, pulogalamu yaulere, atsegule chitsanzo cha moto wolusa m'nkhalango. Asinthe kuthithikana kwa mitengo pang'onopang'ono, alembe m'kope pamene moto wayamba kudutsa nkhalango yonse.