Funsani Amisiri: Nyumba yakale ya makolo, tigwetse kapena tikonze?

FUNSO

Zikomo amisiri. Ine kwathu ndi ku Ntcheu cha kwa Kampepuza koma pano ndili ku Joni kuno, ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Kumudzi kuli nyumba yomwe malemu bambo anamanga m'zaka za m'ma 1970 ndi ndalama za ku Theba, njerwa zake zootcha koma anamangira dothi, malata ndi omwe aja mpaka lero. Mukukhala amayi ndi achemwali anga ndi ana awo. Zipinda ndi zazing'ono, mawindo ang'onoang'ono moti olo masana mkati mumakhala mdima, khitchini, bafa ndi chimbudzi zonse zili panja pomwe amayi miyendo yayamba kuwavuta, usiku amatuluka ndi tochi. Ndikufuna ndigumule khoma la pakati kuti pabalaza pakule, ndiike matailosi, toileti ya madzi mkati ndi khitchini yomwe. Bilidala wina wandiuza pa WhatsApp kuti ndingotumiza ya matailosi ayambepo, anzanga kuno akuti gwetsa umange ina. Nditani?

Mwana wa ku Ntcheu, ku Joni

YANKHO

Achimwene, ya matailosiyo ikhale kaye m'thumba. Bilidala amene akuyambira matailosi pa nyumba ya zaka pafupifupi 50 asanakwere n'komwe padenga, ameneyo akufuna muone chinthu chowala pa chithunzi nde mutumizenso ina, basi.

Koma tisanafike pa simenti pali nkhani ina yomwe simunafunse. Mwati m'nyumbamo muli amayi ndi achemwali anu, ndiye ine ndikuganiza kuti bambo anali mkamwini ndipo malowo ndi a kuchikazi monga zimakhalira m'midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi Dedza. Ngati ndi choncho dziwiranitu kuti mukukonzera amayi ndi mbumba, inuyo ndi akazi anu muzidzafikira ngati alendo pa Khrisimasi. Sizoipa ayi, bola mtima ukhale wodziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo pa katundu wa malemu, koma dothi lomwe nyumbayo yakhalapo likadali m'manja mwa mwambo ndi amfumu, pokhapokha ngati malowo analembetsedwa potsatira Customary Land Act ya 2016. Nde khalani pansi ndi amayi, achemwali ndi amalume, olo pa foni pomwepo, mugwirizane kuti ikakonzedwa ndi ya ndani ndipo zilembedwe papepala amfumu aone, chifukwa nyumba yothonya palibe amailimbirana, achibale amatulukira ikapakidwa penti.

Zogwetsa sindikuvomereza msanga. Simenti ndi zitsulo zakwera kwambiri chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo makoma omwe aima zaka zonsezi osapendama ndi ndalama yomwe bambo anakulipirirani kale. Tumani munthu azungulire nyumbayo akujambula vidiyo pang'onopang'ono. Timing'alu topyapyala ta pulasitala si nkhani. Woopsa ndi mng'alu woyenda mopingasa potsata mizere ya njerwa kuchokera pakona ya windo kutsika mpaka pansi, wolowa chala, kapena khoma loti layamba kupendamira kunja. Pa mng'alu wotero amatepo kachigamba ka simenti mudikire mvula idutse, kakasweka ndiye kuti maziko akuyendabe ndipo pamenepo pakufunika injiniya adzaone, osati bilidala.

Ngati makoma ali bwino yambirani kumwamba. Kalipentala akwere abaye matabwa onse ndi msomali, thabwa lodyedwa ndi chiswe kunja limaoneka lamoyo koma msomali umangolowa osakana. Atsopanowo akhale ouma komanso opakidwa mankhwala, paini wamuwisi amapindika malata atakhomedwa kale. Pa malata nambala ikachepa m'pamene lata limachindikala, geji 28 ndi lolimba kuposa 32, asakunamizeni. Ndiye denga likatsika ndi mpata wanu umodzi wokha wothira ring beam, konkire ya zitsulo yozungulira pamwamba pa makoma onse, nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilibe. Ntcheu ili m'mphepete mwa Rift Valley ndipo zivomezi kuno si nthano, akuluakulu akukumbukira cha ku Salima mu 1989 komanso za ku Karonga mu 2009. Mu ring beam momwemo akwirire waya womangira mitanda ya denga kuti chimphepo choyambira mvula chisadzasasule, ndipo ngati nyumba ndi yaifupi onjezerani mizere iwiri itatu ya njerwa kuti siling'i idzapeze malo.

Tsopano khoma lanu la pakati lija. M'nyumba yomangira dothi makoma amkati ndi omwe amagwira akunja kuti asatseguke, pena mitanda ya denga imatsamiranso pomwepo, nde mukaligumula lonse pabalaza pakuladi koma pakatha mvula ziwiri muyamba kuona kuwala m'makona. Boolani pakati pokha, mamita awiri kapena kuposerako pang'ono, mbali zonse musiye zipilala. Ndipo bimu, mtanda wa konkire wonyamula za pamwamba pa poboolapo, iyambe kuthiridwa khoma lisanachoke. Aike zochirikiza, aseme malo a bimu, zitsulo za Y12 (zochindikala mamilimita 12), mutu uliwonse utsamire pakhoma masentimita osachepera 20, kasakanizidwe kake thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa mumtsinje, mawilibala awiri a kwale. Azithirira madzi masiku 7, zochirikiza zisachoke pasanathe masabata atatu, kenako m'pamene achotse njerwa za pansi imodziimodzi ndi tchizulo. Akabwera ndi chihamala chachikulu mubwezeni pageti.

Toileti ya amayi ndi chinthu chomwe ine ndingaike patsogolo pa pabalaza. Koma musaiike m'kati mwa makoma akale, madzi ndi dothi lomangira sizigwirizana, paipi ikangodontha mwakachetechete miyezi ingapo khoma limafewa lokha. Mangani kachipinda katsopano kumbuyo ka mabuloko a simenti, maziko akeake, chitseko chochokera kuchipinda kwa amayi. Pasakhale sitepe, chitseko chikhale chotakata masentimita 90, matailosi apansi okhakhala osaterera, ndi chitsulo chogwirira pakhoma pambali pa toileti. Funso lomwe anthu a ku Joni mumaiwala ndi lakuti madziwo achokera kuti. Toileti imamwa malita 6 mpaka 9 pa kugujumula kamodzi, ngati mpopi wa Central Region Water Board kapena wa m'mudzi sufika pakhomopo ndiye kuti adzukulu azisenza ndowa kuchokera pa mjigo kudzathira mu toileti ya agogo, choncho thanki ndi kodzazira kwake zilowe mu bajeti. Sepitiki thanki ndi dzenje lomwera madzi zikhale kumunsi, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime chilichonse, cha aneba chomwe. Chimbudzi chapanja musakwirire, pa maliro kapena pa chinkhoswe mudzachifuna.

Za khitchini afunseni amayi amaphikira chiyani. Ngati ndi nkhuni, khitchini ya mkati ya makabati idzasanduka mosungira matumba a feteleza ndi mbatatesi. Yapanjayo ikonzeni, muike potulukira utsi ndi chitetezo mbaula, muilumikize ndi nyumba ndi khonde lofolera kuti mvula isamawanyowetse, mkati mungoika sinki ndi kasitovu ka gasi kophikira tiyi.

Bilidala alipidwe gawo likatha, osati lisanayambe, zipangizo azigula wina, kiyi wa kosungira zipangizozo ndi kope lolembamo zikhale ndi achemwali. Matailosi abwera komaliza, ndipo ndalama ikathera panjira simenti yopolisha bwino ija ya red oxide siinanyoze munthu.

FUNSO

Amisiri, ndimakhala ku Bembeke ku Dedza m'nyumba yomwe anatisiyira agogo. Chaka chilichonse timapaka penti koma kuchokera pansi kufika m'chiuno imatupa n'kumasupuka, pamatuluka zoyera ngati mchere, zovala m'kabati zimanunkha chuku. Kuzizira ndiye musanene. Amuna anga akuti tingomata matailosi m'makoma monse. Zithandiza?

Mayi wa ana atatu, Bembeke

YANKHO

Mayi, auzeni bambo a kunyumba kuti matailosi abisa chinyontho koma sachichotsa, chidzangokwera n'kutulukira pamwamba pa pomwe alekezera, ena n'kuyamba kugwa okha. Nyumba za masiku ano pamwamba pa maziko amayala pulasitiki yakuda ija amati DPC, agogo nthawi yawo kunalibe zimenezo m'midzi, nde njerwa zimayamwa madzi a m'nthaka ndipo zoyerazo ndi mchere womwe umatsala madziwo akauma.

Ntchito yake ili panja. Tulukani muone, m'zaka zonsezi dothi losesa pabwalo ndi lokokoloka limakhala litakwera mpaka kufanana ndi simenti ya mkati, pena kuposa, ndipo ambiri mumadzala maluwa mogundana ndi khoma n'kumathirira m'mawa uliwonse. Kumbani kuti dothi litsike masentimita 15 kapena kuposa pansi pa mulingo wa mkati, maluwa asamuke, thirani kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kotsetsereka kunja, ikani magatala, ndipo ngati nyumba ili pa mtsetse monga zambiri za kwanuko kumbani ngalande kumtunda kwake kuti madzi a m'phiri azilambalala. Mkati semani pulasitala yowolayo kufika mita imodzi, khoma likhale lamaliseche miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala liume. Pulasitala yatsopano isakhale yaukali, thumba limodzi mawilibala atatu a mchenga, chifukwa njerwa zakale ndi zofewa. Penti ya mafuta pamenepo ayi, imatseka khoma kuti lisapume, laimu wamba kapena penti ya madzi ndiye bwino.

Za kuzizira, Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo Juni ndi Julayi simungawathamangitse, koma nyumba yopanda siling'i kutentha konse kumathawira m'malata. Ikani siling'i mumva kusintha usiku woyamba. Musanatseke, mawaya akale a magetsi ngati alipo asinthidwe ndi munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndipo timipata tonse ta m'mphepete mwa denga atseke ndi sefa wa waya, apo ayi mileme ilowa ndipo fungo lake muzalakalaka chuku chija. Mukafuna kukulitsa mawindo kulitsani oyang'ana kumpoto, miyezi yozizira dzuwa limadutsira mbali imeneyo, a kummwera chakummawa komwe kumachokera chiperoni asiyeni aang'ono momwemo, ndipo windo lililonse lokulitsa lifunika lintala, mtanda wa pamwamba pa windo, yatsopano yotalikirapo. Chomwe ndikupemphani ndi ichi, mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka olo kuzizire bwanji, mpweya wake sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo.

FUNSO

Zitseko za nyumba yathu ku Lizulu ndi za mlombwa zomwe anakhoma agogo aamuna, zathimbirira ndipo china chimakhula pansi. Mwana wanga akuti tichotse tiike zachitsulo. Ndimvere?

Gogo wa ku Lizulu

YANKHO

Agogo, musamvere. Mlombwa weniweni masiku ano ndi wosowa komanso wodula, chiswe sichiudya wamba, ndipo tsiku lomwe muzichotse kalipentala yemweyo adzapempha kuti akutayireni, mudziwe kuti wapeza katundu. Chokhulacho nthawi zambiri ndi mahinjesi otha kapena masikuluwu omasuka, asinthe amenewo kaye asanayambe kupala thabwa. Azikweche ndi sandipepala, apake vanishi kawiri katatu, aike loko watsopano. Ngati mwanayo nkhawa yake ndi akuba, sinanga pa Lizulu ndi pamsewu komanso pamalire, aike chitseko cha zitsulo kunja kwake, chamlombwacho chikhale mkati momwe chilili.