Foni ikulira pa resepishoni, a maakaunti angokhala: za hunt group pa Panasonic yakale

Mayi wina amene amayang'anira ofesi yaing'ono ku Limbe anandilembera imelo sabata yatha. Mwachidule anati: "Tili ndi switchboard ya Panasonic KX-TES824 yomwe tinaipeza tikulowa m'nyumba muno. Mtsikana wa pa resepishoni akakhala pa foni kapena akatuluka, makasitomala amadandaula kuti sitiyankha, chikhalirecho ku maakaunti kuli anthu atatu, aliyense ndi foni yake pa desiki. Ndamva za hunt group. Kodi ndingaikonze ndekha?"

Mayi, mungathe ndithu. Koma musanagwire batani lililonse, tengani foni yanu ya m'manja, muimbe nambala ya ofesi pa nthawi imene vutoli likuchitika, mumve zimene kasitomala amamva. M'kalata yanu muli mavuto awiri, mwinanso atatu, ndipo hunt group imathetsa limodzi lokha.

Pa makina awa, hunting imagwira ntchito foni yoimbiridwayo ikakhala bize basi. Mtsikanayo akakhala akulankhula, makina amafufuza foni ina ya m'gulu lake imene ili yomasuka n'kuiliza. Koma akapita kukagula chips pa msewu, foni yake si ya bize. Ingolira pampando wopanda munthu mpaka woimbayo atatopa. Ambiri amakonza zonse molondola, kenako n'kumati makina ndi owonongeka, pomwe akuwapempha ntchito imene si yawo.

Tiyambe ndi hunting yeniyeniyo. Mufunika foni ya Panasonic yokhala ndi sikirini, monga KX-T7730, yolumikizidwa pa jack 01 (jack ndi malo amene waya wa foni umalowa m'bokosi la makinawo), imene nthawi zambiri nambala yake ya mkati imakhala extension 101. Dinani PROGRAM, kenako * ndi #, ndiye pasiwedi. Ngati amene anaika makinawo sanaisinthe, ndi 1234. Mukalowa, mabatani amasintha ntchito: SP-PHONE imakupititsani patsogolo, AUTO ANS/MUTE imasintha chosankha, AUTO DIAL/STORE imasunga, HOLD imatseka gawo limene muli. Khalani ndi kope pambali, muzilemba zimene mwapeza musanazisinthe. Ndipo pulogalamu 999 musaiyandikire, imafufuta zokonza zonse.

Yambani ndi pulogalamu 600, osati 100. Pa 600 ndi pamene jack iliyonse imapatsidwa gulu, kuyambira 1 mpaka 8, ndipo makina akachoka ku fakitale mafoni onse amakhala m'gulu 1. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa ofesi ina ndinathamangira kutsegula hunting ya gulu 1 osaona kuti mulinso ndani. Titayesa, mzere unadumpha mafoni awiri a bize n'kukagwera pa fax ya pakona yofundidwa nsalu. Bwana wa pamalopo, yemwe ndi amene ankaimba poyesapo, anachotsa foni kukhutu nkhope itakwinyika, fax ikumulizira likhweru. Choncho ikani resepishoni ndi mafoni atatu a maakaunti m'gulu lawolawo, tinene gulu 2. Fax, foni ya mlonda ku geti ndi ya abwana zitsale kwina.

Mukatero pitani pa 100, musankhe gulu 2, muike Enable. Pa 101 musankha pakati pa Circular ndi Terminate. Apa pali kanthu kamene kamasokoneza anthu: makina amatsata nambala ya jack, malo amene waya walowa m'bokosi, osati nambala yolembedwa pa foni. Ngati munthu wina anasinthapo manambala a extension kale, ziwirizi sizigwirizananso. Terminate imafufuza chokwera n'kuima pa jack yomaliza ya gululo. Ndiye ngati resepishoni ili pa jack 08 ndipo a maakaunti ali pa 03, 04 ndi 05, palibe kumene mzere ungapite. Circular ikafika kumapeto imabwerera koyambirira. Kwa inu ndingasankhe Circular, nkhani ya mawaya n'kuisiya.

Kwatsala kamodzi. Kuti foni yochokera kunja ilowe mu hunting, mzerewo uyenera kulunjika pa foni imodzi. Zimenezi zili pa 414: mzere uliwonse muuike pa DIL, muloze jack ya resepishoni. 414 ndi ya masana, 415 ya usiku, 416 ya nthawi ya nkhomaliro. Anthu amakonza ya masana yokha, kenako n'kudabwa kuti makina akalowa pa Night zonse zabwerera mwakale.

Tsopano ndinene maganizo anga. Pa ofesi ngati yanu, ine mizere ya kunja sindikanaiika pa DIL. Ndikanaisiya pa Normal, pa 408 n'kulola kuti mafoni a maakaunti nawonso azilira, ndiye pa 411 n'kuwachedwetsa masekondi 10 kapena 15, ya resepishoni yokha izilira nthawi yomweyo. Mtsikanayo akakhalapo ayankha a maakaunti asanamve kanthu. Akatuluka kapena akatanganidwa, pakapita kamphindi mafoni enawo ayamba kulira. Mavuto onse awiri atha. Hunt group ndikanaisungira a maakaunti okha atatuwo, kuti mtsikanayo akamapatsira kasitomala ku extension imodzi n'kupeza ili bize, mzere uzidumphira kwa mnzake.

Muwauziretu anthuwo. Wa maakaunti amene ali pakati pa kuwerengera malipiro a mwezi sakondwa foni ikayamba kumulirira mosayembekezera, ndipo ndaonapo ena akungozula waya kumbuyo. Palibe chifukwa chozulira: woimba 7361# amatuluka m'gulu la hunting, 7360# amabwereramo. Vuto ndi loti amaiwala kubwerera, ndiye hunting ikadzaoneka ngati yafa, yambani mwayang'ana pamenepo.

Vuto lachitatu lija ndi ili. Ngati mutaimba mwamva bize nthawi yomweyo, foni iliyonse mu ofesi ili zii, ndiye kuti mzere wa kunjawo ndi umene wadzaza, ndipo kasitomala sanafike n'komwe pa makina anu. Mwina muli ndi mizere itatu, koma pa chikwangwani ndi pa marisiti pali nambala imodzi. Izi sizikonzedwa pa Panasonic. Ngati ili mizere ya waya, pemphani kampani imene imakupatsani mizereyo kuti nambala yaikulu ikakhala bize iziponyera pa inayo. Ngati mumagwiritsa ntchito timabokosi ta SIM tolumikizidwa ku switchboard, chotsani SIM yaikuluyo, muiike mu foni wamba, muimbe **67*, nambala ya SIM yachiwiri, ndi #, kenako muibwezere m'kabokosi.

Mukamaliza, yesani ndi anthu atatu: wina anyamule foni ya resepishoni, wina aimbe ali panja, wachitatu aime ku maakaunti anene imene yalira. Ikakana, mundilembere manambala a jack a mafoni anayiwo ndi zimene zikuoneka pa 414.