Batire lotupalo musaliboole, achimwene

Achimwene, singanoyo ikani pansi. Amene akukuuzani kuti muboole batire lanu lotupalo kuti mpweya utuluke sanaonepo batire la lithium likuyaka.

Ine zinandionekera mu Okutobala kuno ku Ngabu, masana, malata akuchita kuthetheka ndi dzuwa. Power bank inali pamkeka ikutchaja ku sola, mwana atagona chapafupi. Ndinangomva tsiii! Utsi woyera wonunkha moswa mphuno unadzaza chipinda, kenako lawi linalumphira neti, netiyo n'kumadontha moto pamkeka. Mwanayo ndinamukoka mwendo osaona n'komwe kuti mutu ukugunda pati, mayi ake akukuwa pakhonde. Chinthucho ndinachikankhira panja ndi khasu, kuthira mchenga, chinazima, tisanapume n'komwe chinayakanso chokha. Mwana anatsokomola usiku wonse.

Mnyamata amene anandigulitsa pamsika pa Nchalo analumbira kuti ndi orijino, pamwamba atalembapo 50000mAh, kutanthauza kuti imasunga moto wambiri. Nditamupititsira chakupsacho akuti, "Bwana, munaisiya potentha." Potentha! M'chigwa muno pozizira ndi pati, poti kumapitirira madigiri 40? Ndalama anakana kubweza, ali kalikiliki kugulitsa ina kwa mayi wina ine ndili pomwepo. Anthu opanda chisoni.

Mkati mwa batiremo, pakati pa plus ndi minus, muli kapepala ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi, amati separator. Kakakhala ka pulasitiki ya mtundu wa polyethylene kamasungunuka cha pa madigiri 130. Kakakhwinyata kapena kubooka, mbali ziwirizo zimakhudzana, shoti yachitika, ndipo kutenthako kumadzisonkhezera kokha. Singano yanuyo ikachita ntchito yomweyo. Ngakhale Samsung, ndi ndalama zake zonse, anachotsa foni ya Galaxy Note 7 pamsika mu 2016 mabatire atayamba kuyaka, ndiye kuli bwanji izi zopanda dzina? Makampani osamala amapaka kapepalako alumina kapena boehmite, zochokera ku bauxite, mwala womwe uja uli paphiri la Mulanje, ndipo akatswiri akuyesanso dongo monga halloysite ndi vermiculite. Nzeru yake ndi ya mphika wadothi, umakhala pamafuwa osasungunuka. Koma kupakako ndi ndalama, ndipo wogula sungaone mkati.

Lanulo lichotseni m'nyumba lero lomwe, liikeni m'chitini cha mchenga pamthunzi kutali ndi ana. Osaliponya pamoto, osalitchajanso ngakhale kamodzi. Zapamsikazi zisiyeni, ndipo amene mukufuna batire la sola funsani la lithium la mtundu wa LiFePO4, limapirira kutentha kusiyana ndi enawa.

Kunena zoona ine ndinagulanso pamsika pomwepo, kwa wina, chifukwa ya m'shopu mtengo wake sindingaufike ndipo foni singakhale yozima, ooda nsomba aku Bangula amandiimbira pomwepo. Ndimangotchajira pasimenti m'mamawa kusanatenthe, ndikaigwira n'kumva kufunda ndimazula.