Kodi anthu oseka m'masewero a pa TV aja alipodi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ine ndimakonda masewero anthabwala a pa TV monga Friends ndi Mr. Bean. Koma bambo a kunyumba akangomva anthu aja akuseka kumbuyo amanyamuka pampando. Amati kusekako n'kwa makina, ndipo sewero lochita kukuuza poyenera kuseka ndiye kuti nthabwala zake n'zozizira. Anandionetsa pa YouTube kachidutswa ka The Big Bang Theory kochotsedwa kuseka konse, ndipo kunena zoona sikanakome. Kodi akunena zoona? Anthu osekawo alipodi?"

Zikomo mayi. Mkangano wa m'nyumba mwanuwu ndi wakale kuposa ukwati wanu, ndipo okonda masewerowa akhala akukokana nawo kuyambira zaka za m'ma 1950. Bambowo ali ndi mfundo, koma umboni wa pa YouTube umene akuudalirawo ndi wopanda chilungamo.

Makina osekawo analipodi. Anawapanga ndi Charley Douglass, katswiri wa zamawu amene ankagwira ntchito ku kampani ya TV ya CBS ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Linali bokosi lokhala ndi mabatani ngati a limba, m'kati mwake muli matepi a anthu oseka mosiyanasiyana: wina chikhakhali, wina kachiseko ka m'mphuno, gulu lonse kuphulika kamodzi. Douglass ankaonera sewero n'kumadina ngati woimba limba, apa kuwonjezera, apo kuchepetsa. Bokosilo ankalikhoma ndi loko kuti opikisana naye asaone za m'kati, ndipo kwa zaka zambiri ntchitoyi inali m'manja mwa iye ndi banja lake. Zinafika poti ngakhale makatuni monga The Flintstones a 1960 ndi Scooby-Doo a 1969 anaikidwa kuseka. Tangoganizani, gulu la anthu liti limene linakhala m'situdiyo n'kumaonera galu wojambula pa pepala?

Pamenepa ndiye bambo apambana. Akafuna wina wowathandiza pa mlanduwu atchule M*A*S*H, sewero la madokotala a asilikali pa nkhondo ya ku Korea, limene linaonetsedwa kuyambira 1972 mpaka 1983. Opanga seweroli sankafuna kuseka kwa makina, koma a CBS anaumirira. Anamvana zoti m'chipinda chochitira opaleshoni mokha musamamveke kuseka. BBC poonetsa seweroli ku Britain inkalionetsa lopanda kusekako, ndipo mpaka lero alipo ambiri amene amalumbira kuti limakoma kwambiri likakhala choncho.

Koma masewero amene inu mumakondawo ndi a mtundu wina. Friends, imene inayamba 1994 n'kutha 2004, mbali yake yaikulu inkajambulidwa pamaso pa anthu enieni okhala pamipando m'situdiyo. The Big Bang Theory chimodzimodzi, zaka zonse kuyambira 2007 mpaka 2019. Njirayi inatchuka ndi I Love Lucy mu 1951: makamera atatu kujambula nthawi imodzi, azisudzo akusewera ngati ali pa siteji, anthu akuonerera pomwepo. Ku Friends kujambula gawo limodzi la mphindi 22 kunkatenga maola angapo, ndipo nthabwala ikagwa pansi osaseketsa anthu, olemba ankaunjikana pomwepo n'kulemba ina, azisudzo n'kubwerezanso. Choncho gulu lija linali ndi ntchito. Linali ngati woweruza amene sungamunyengerere.

Sindikunena kuti zonse zimene mumamva n'zoyera. Pokonza sewero amatha kuwonjezera kuseka pamene kunachepa, kapena kudula pamene kunatalika kwambiri. Chigawo chikabwerezedwa kachinayi anthu saseka ngati poyamba, ndiye amatenga kuseka kwa ulendo woyamba n'kukumata pa ulendo umene unajambulika bwino. Khutu lozolowera limazindikira: munthu wangolowa pakhomo n'kunena "moni", nyumba yonse phwete ngati wanena chodabwitsa. Pamenepo nanenso ndimanyansidwa.

Tsopano za kachidutswa ka pa YouTube kaja. Wazisudzo amene akusewera pamaso pa gulu akaponya nthabwala amaima, kudikira kuti anthu amalize kuseka, chifukwa akapitiriza kulankhula mawu ake amira. Mnzake nayenso amadikira, mwina akugwedeza mutu kapena kutong'ola maso kuti nthawiyo isapite pachabe. Ndiye wina akabwera n'kufufuta kusekako, chotsala ndi anthu awiri oyang'anizana kuli zii kwa masekondi anayi kapena asanu, ngati ayambana. Zimaoneka zachilendo, inde, koma chifukwa chake si kuzizira kwa nthabwala. Achotsa mbali imodzi ya kukambirana. Zili ngati kufufuta mawu a ovomera m'nyimbo n'kumadabwa kuti wotsogolera akumangokhala chete pakatipakati.

Ndikuganiza kuti bambowo ndi a gulu la okonda The Office, sewero la anthu ogwira ntchito mu ofesi, kaya ya ku Britain ya Ricky Gervais ndi Stephen Merchant ya 2001, kaya ya ku America ya Steve Carell imene inayamba 2005. Mmenemo mulibe gulu loseka, ndipo kuli zii kuja ndiye nthabwala yeniyeniyo. Bwana wanena zochititsa manyazi, palibe woyankha, wina n'kungoyang'ana kamera. Olemba ake analemba podziwa kuti sipadzamveka kuseka, monganso a Friends analemba podziwa kuti kudzamveka. Mutathira kuseka mu The Office mungaiphe, ngati mmene anaphera The Big Bang Theory poichotsa kuseka. Chimene chimanditopetsa kwa okonda The Office ena, ndipo ine ndine mmodzi wa oikonda, ndi kamtima kodziona ngati ozindikira, ngati kuti kuseka pamodzi ndi gulu ndi uchitsiru.

Pajatu kuseka n'kopatsirana mwachibadwa. Robert Provine, katswiri wa ku America amene anatha zaka akufufuza za kuseka, anapeza kuti munthu amaseka kowirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi akakhala yekha. Mu 2019 gulu la ofufuza la Sophie Scott ku University College London linamvetsera anthu nthabwala zozizira dala, zina zili zokha, zina zotsatiridwa ndi kuseka. Zokhala ndi kuseka anthu anati n'zoseketsako, ndipo kuseka kochokera pansi pa mtima kunaposa kochita kupanga. Zimenezi zikuikira kumbuyo nonse awiri: inu chifukwa kuseka ndi anzako kumakometsadi, bambo chifukwa nthabwala yofooka ikhoza kubisala kumbuyo kwa phokoso.

Mukafuna kuwayesa mwachilungamo, musachotse kuseka kokha. Tsitsani mawu onse, muike Mr. Bean. Rowan Atkinson, amene amasewera ngati Mr. Bean, anangopanga magawo 15 okha kuyambira 1990 mpaka 1995, ndipo munthuyo salankhula kwenikweni, choncho palibe chimene mutaye. Sankhani gawo la Khirisimasi la 1992, pamene mutu wake ukukanirira m'kati mwa nkhukundembo akufunafuna wotchi yake. Inu musayang'ane TV, muziyang'ana nkhope ya bambo. Akapirira osamwetulira mundilemberenso. Akaseka, muwauze kuti mu 1998 a Friends nawonso anaveka Joey ndi Monica nkhukundembo kumutu, ndipo okonda masewero awiriwa akukanganabe ngati kunali kubera kapena kungofanana maganizo. Umenewo ukhale mkangano wanu wa sabata yamawa.